Kubzala ndi Kusamalira Mitengo ya Zipatso ku Dedza ndi ku Ntcheu

Maboma a Dedza ndi Ntcheu ali ndi mwayi umene maboma ambiri m'dziko muno alibe, chifukwa m'dera limodzi lomweli muli malo ozizira kwambiri a kumapiri komanso malo otentha a kuchigwa. Tauni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198, koma munthu akatsika msewu wa Khwekhwelere n'kufika ku Golomoti amavula juzi, poti kumeneko ndi kufupi ndi nyanja ndipo dzuwa lake ndi lina. Ku Ntcheu nakonso n'chimodzimodzi, pakuti nyengo ya ku Tsangano ndi ku Lizulu siyifanana ndi ya m'chigwa cha Bwanje. Kusiyana kumeneku kukutanthauza kuti pafupifupi chipatso chilichonse chodziwika chili ndi malo ake m'maboma awiriwa, koma kukutanthauzanso kuti mtengo umene wachita bwino kwa mbale wanu ukhoza kukanika pakhomo panu.

Mbande zambiri zimene timabzala m'nyengo yobzala mitengo, imene m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, sizifika chaka chachiwiri. Ine ndimaona kuti vuto silikhala pa tsiku lobzalalo, koma pa zimene zinayenera kuchitika miyezi ingapo tsikulo lisanafike, ndiponso pa zimene zimachitika mvula ikatha. Malangizo awa akutsata ntchitoyi m'ndondomeko yake.

Yambani ndi kudziwa malo anu

Musanagule mbande, dzifunseni ngati kwanu kumagwa chisanu chowaula masamba mu Juni ndi Julayi, ndipo yendani m'midzi yoyandikana nanu kuti muone mitengo yakale imene imabereka chaka ndi chaka popanda woisamala. Kwawo kwa mtengo kumatiuza zambiri za nyengo imene umafuna. Mapichesi anachokera ku China, maapulo anachokera kumapiri a ku Kazakhstan, ndipo mitengo yonse iwiri imafuna nyengo yozizira kuti iyoyole masamba, ipume, kenako iphukire maluwa pamodzi. N'chifukwa chake mapichesi amakondwa ku Bembeke, ku Dedza boma, ku Lizulu ndi ku Tsangano, kumene kumachitanso bwino mbatata ya kachewere. Komabe kuzizira kwa kuno sikufika pa kuzizira kwa ku Ulaya, choncho njere ya apulo limene mwagula m'sitolo singakupatseni mtengo wodalirika. Funani mitundu imene imabereka ngakhale chisanu chitakhala chochepa, monga Anna, amene anapangidwa ku Israel, ndi Dorsett Golden, amene anapezeka ku Bahamas. Mitundu iwiriyi imachita maluwa nthawi imodzi ndipo njuchi zimanyamula mungu kuchoka pa wina kupita pa mnzake, motero ndi bwino kuibzala moyandikana.

Mapeyala kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, ndipo amachita bwino m'malo okwera ndi apakatikati, malinga ngati dothi lili lakuya komanso losadikha madzi. Mtundu wa Fuerte, wa khungu lobiriwira ndi losalala, unatengedwa ku Mexico kupita ku California mu 1911 ndipo unadziwika utapirira chisanu choopsa cha mu 1913, kotero ndi woyenera kuuganizira ngati kwanu kumazizira kwambiri. Mtundu wa Hass, wa khungu lokhakhala limene limada chipatso chikapsa, unachokera pa mtengo umodzi wa Rudolph Hass ku California, amene anaulembetsa mu 1935, ndipo lero ndiwo ukugulidwa kwambiri pa misika ya kunja. Maluwa a Hass ndi a Fuerte amatseguka pa nthawi zosiyana za tsiku m'njira yoti amathandizana kubereka, choncho amene ali ndi malo abzale yonse iwiri.

Mango anachokera ku India ndi maiko oyandikana nawo, ndipo amafuna kutentha komanso nyengo youma pamene akuchita maluwa. Kumapiri mtengo wa mango umakula ndithu, koma nkhungu ndi kuzizira zimayoyola maluwa, ndipo zipatso zimakhala zochepa. Amene ali ku Golomoti, ku Mtakataka, ku Sharpevale kapena ku Bwanje ndiwo angaike ndalama zawo pa mango a mitundu ya Tommy Atkins, Kent ndi Keitt, imene yonse inachokera ku Florida. Keitt amapsa mochedwa, pamene mango a makolo atha pamsika ndipo mtengo wogulitsira wakwera, ndiye ngati cholinga chanu n'kugulitsa, mtundu umenewu musauiwale. Kuchigwa komweko ndiko kumachita bwino mapapaya, bwemba, masau ndi malambe, ndiponso chammwamba ndi nimu, mitengo iwiri yochokera ku India imene imafooka ndi chisanu.

Za malalanje ndi manachesi ndichenjezepo pang'ono. M'malo okwera ndi ozizira mumaswana kachirombo kamene kamafalitsa matenda a greening, amene amachititsa masamba kukhala achikasu mwamawangamawanga ndi zipatso kukhala zazing'ono, zopendekeka ndi zowawa. Matendawa alibe mankhwala, ndipo mtengo wodwala umayenera kuzulidwa. Choncho munda waukulu wa malalanje ndi wa malo apakatikati ndi otsika, pamene kumapiri mitengo iwiri kapena itatu ya pakhomo ndi yokwanira.

Posankha pobzala penipeni, pewani m'dambo ndi paliponse pamene madzi amadikha m'dzinja, makamaka kwa mapeyala, amene mizu yake imaola msanga m'dothi lonyowa kwambiri. Pewaninso pansi penipeni pa chigwa, chifukwa mphepo yozizira imatsikira kumeneko usiku ndipo chisanu chimayambira pomwepo. Mbande zitalikirane ndi bulugamu, mtengo wochokera ku Australia umene mizu yake imayenda patali kulanda madzi. Ngati munda wanu ndi wotsetsereka, monga minda yambiri ya kumapiri ilili, ikani akalozera ndi kubzala udzu wa vetiva musanakumbe dzenje ngakhale limodzi.

Mbande: kugula kapena kufesa nokha

Mtengo womera kuchokera ku njere umachedwa kubereka, ndipo palibe amene angalonjeze kuti zipatso zake zidzafanana ndi za mayi wake. Peyala wa njere akhoza kutha zaka 7 kapena kupitirira asanaonetse chipatso, pamene womezanitsa, kutanthauza mbande yolumikizidwa ndi kanthambi ka mtengo wobereka bwino, amayamba m'zaka 3 kapena 4, amakhala wamfupi, ndipo amabereka zipatso zimene munazisankha. Pa chifukwa chimenechi, mbande yomezanitsa ngakhale ikhale yokwera mtengo ndi imene muyenera kufuna. Pogula, yang'anani chipsera cha pamene anamezanitsa, chimene chimaoneka pa tsinde masentimita 15 kapena 20 kuchokera pa dothi, ndipo chikhale chopola bwino. Funsani dzina la mtundu wake, ndipo wogulitsa akalephera kulitchula, dziwani kuti mukugula chinthu chosadziwika. Tembenuzani chubu muone ngati mizu yaboola pansi kapena yazungulirazungulira m'kati, chifukwa mbande yokhalitsa m'chubu imapinimbira ngakhale mutaisamala bwanji. Alangizi a zaulimi ndi a zankhalango a m'dera lanu amadziwa manazale odalirika, ndipo kuwafunsa sikulira ndalama.

Komabe njira imene ine ndimailimbikitsa ndi yofesa nokha mbande za mitengo ya makolo n'kuzimezanitsa, chifukwa mitengo ya makoloyo inazolowera kale dothi ndi matenda a kuno. Sakanizani magawo awiri a dothi la pamwamba, gawo limodzi la manyowa owolerana ndi gawo limodzi la mchenga, n'kuthira m'machubu akuluakulu oboola pansi, ndipo muwaike pa mthunzi wa udzu umene ukulowetsa dzuwa pang'ono. Njere ya peyala itengedwe ku chipatso chokhwima chothyoledwa mumtengo, osati chotola pansi, ndipo ibzalidwe m'masiku ochepa chifukwa ikauma imafa. Mbali yake yosongoka iyang'ane kumwamba ndipo nsonga ingotsala pang'ono kuonekera. Kwa mango, sendani chikhokho cholimbacho mosamala ndi mpeni kuti mutulutse njere ya m'kati, ndipo muibzale msana wake uli kumwamba. Njere ya mango a makolo kawirikawiri imatulutsa mphukira zingapo, ndiye siyani imodzi yamphamvu. Njere za mapichesi zimafuna kuzizira kuti zimere, choncho zikwirireni mumchenga wachinyontho pamalo a mthunzi nyengo yonse yachisanu, ndipo zimene zaphuka muziokere m'machubu. Kwa malalanje ndi manachesi, fesani njere za mandimu a khungu lokhakhala, pakuti mizu yake ndi yolimba ndipo imapirira chilala.

Mbande imakhala yokonzeka kumezanitsa tsinde lake likafika kukula kwa pensulo, ndipo nthawi zambiri pamapita miyezi 6 kapena kupitirirapo malinga ndi mtundu wa mtengo ndi kutentha kwa malo.

Kamezanitsidwe

Apa ndi pamene anthu ambiri amaopa, chonsecho ntchito yake ndi ya mphindi zochepa ndipo zida zake zili pakhomo lililonse: mpeni wakuthwa kwambiri kapena lezala latsopano, timizere ta pulasitiki wofewa todulidwa m'lifupi mwa chala, timapepala ta pulasitiki toyera tonga tija timamangira fulizesi, ndi sipiliti wopukutira mpeni. Chinsinsi chake chagona pa kachigawo kobiriwira konyowa kamene kali pakati pa khungwa ndi thima la mtengo. Kachigawo kameneka ndi kamene kamakula, ndipo ka mbande kakakhudzana ndi ka kanthambi kamene mwabweretsa, ziwirizo zimalumikizana n'kukhala mtengo umodzi. Zikapanda kukhudzana, ngakhale mumange mwamphamvu chotani, kanthambiko kamauma.

Sankhani mtengo umene mumaudziwa bwino kuti umabereka zambiri, zipatso zake n'zokoma ndipo ulibe matenda, kenako pemphani kwa mwini wake kuti mudulepo tinthambi. Dulani m'mamawa kukadali kozizira. Kanthambi koyenera ndi ka kunsonga, kokhwima pang'ono, kotalika masentimita 8 mpaka 10, konenepa mofanana ndi tsinde la mbande yanu, ndipo kakhale ndi maso awiri kapena atatu otupa koma osaphukira. Chotsani masamba onse ndi mpeni, osati mokhadzula, ndipo kulungani tinthambito m'nsalu yonyowa kufikira mutafika ku nazale. Ntchito ichitike tsiku lomwelo.

Tsopano dulani mbande mopingasa pa msinkhu wa masentimita 15 mpaka 20, ndipo ngati pansi pake pali masamba angapo asiyeni kuti apitirize kudyetsa mizu. Ng'ambani tsinde pakati penipeni kutsika masentimita 2 kapena 3. Tengani kanthambi kaja, semani kumunsi kwake mbali ziwiri kuti kasongoke ngati mphero, ndipo kutalika kwa posemapo kufanane ndi mng'alu umene mwapanga. Yesetsani kuti mbali iliyonse isemedwe ndi kukoka kumodzi kwa mpeni, chifukwa malo osemedwa mobwerezabwereza amakhala a mabampu ndipo sagwirana bwino. Musagwire posemapo ndi zala. Lowetsani kanthambiko mumng'alu, ndipo onetsetsani kuti makungwa alingana. Ngati kanthambi kachepa poyerekeza ndi tsinde, musakaike pakati, koma kakankhireni mbali imodzi kuti makungwa alingane mbali imeneyo. Mangani ndi kamzere ka pulasitiki kuyambira pansi kukwera m'mwamba, mothina bwino kuti madzi ndi mpweya zisalowe, kenako vekani kapepala koyera pamwamba pa kanthambi kuti kasaume.

Bwezerani mbande pa mthunzi ndipo thirirani dothi lokha, madzi asafike pa bala. Pakatha milungu itatu kapena inayi maso amayamba kuphukira, ndipo masamba akayamba kukhudza kapepala kaja, kachotseni. Kamzere komangira kakhalebe mpaka bala litapola, mwina miyezi iwiri kapena itatu, koma musakaiwale, chifukwa tsinde likamanenepa kamalowa m'khungwa n'kulipotokola. Mphukira iliyonse yotuluka pansi pa bala ndi ya mtengo wa makolo uja, ndipo muichotse ikangooneka, apo ayi idzalanda chakudya chonse n'kupha kanthambi kanu.

Mango ndi mapeyala amagwira bwino kukayamba kufunda, kuyambira mu Ogasiti mpaka Okutobala, pamene maapulo ndi mapichesi amamezanitsidwa kumapeto kwa chisanu, mitengo isanadzuke. Malalanje kawirikawiri amamezanitsidwa ndi diso limodzi lokha, limene limalowetsedwa pansi pa khungwa la ndimu pamalo ochekedwa ngati chilembo cha T. Musayembekezere kuti mbande zonse zigwira, choncho mezanitsani zochuluka kuposa zimene mukufuna. Mtengo waukulu wa mango kapena peyala umene umabereka zipatso zosakoma nawonso musaugwetse, chifukwa mukhoza kudula nthambi zake, n'kudikira mphukira zatsopano, n'kumezanitsa pa mphukirazo m'njira yomweyi.

Maenje ndi kubzala

Maenje akumbidwe mu Okutobala kapena Novembala, mvula isanayambe. Dzenje likhale masentimita 60 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 kuya, ndipo ngati dothi ndi louma gwa kapena lamiyala, likulitseni kufika mita imodzi. Dothi lakuda la pamwamba liikeni mbali ina, lofiira la pansi mbali inanso. Sakanizani dothi la pamwambalo ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owolerana bwino a khola kapena kompositi, bwezerani m'dzenje mpaka lidzaze ndi kutumphuka pang'ono, n'kuzika kamtengo pakati kuti mudzadziwe malo. Manyowa aawisi amawotcha mizu ndipo amaitana chiswe. Mukasiya dzenjelo milungu ingapo, mvula yoyamba idzakhazika dothi pansi, ndipo mbande sidzatitimira mukaibzala.

Kutalikirana kwa mitengo ndi nkhani imene anthu amainyozera poona kuchepa kwa mbande. Mango ndi mapeyala atalikirane mamita 9 kapena 10, malalanje, manachesi ndi magwafa mamita 6, mapichesi mamita 5, maapulo mamita 3 kapena 4, ndipo mapapaya mamita 3. Mpata wa pakatiwo suwonongeka, chifukwa zaka zoyambirira mukhoza kulimamo nyemba, soya kapena mtedza, kungosiya malo a mita imodzi kuzungulira mtengo uliwonse.

Bzalani mvula ikakhazikika, kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, madzulo kapena tsiku la mitambo. Kubzala mu Malichi n'kuchedwa, pakuti mbande imakumana ndi chilimwe isanazike mizu. Thirirani mbande ikadali m'chubu, fukulani kadzenje kolingana ndi chubucho, chekani pulasitiki ndi lezala n'kumuchotsa yense, koma dothi la kumizu lisagumuke. Dothi la m'chubu lilingane ndi nthaka ya m'munda, ndipo chipsera cha pomezanitsa chikhale pamwamba, kutali ndi dothi, chifukwa chikakwiririka chimaola. Tsinderani dothi ndi manja, thirani ndowa imodzi ya madzi ngakhale kuli mvula, ndipo zikani kamtengo kochirikiza n'kumangirira mbande momasuka ndi luzi. Peyala yekha abzalidwe pa kachulu kokwera pang'ono kuti madzi asamaime pa tsinde.

Chilimwe choyamba ndi chachiwiri

Mitengo yambiri imafera apa. Tikakolola chimanga, mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa, ndipo mbande yobiriwira pakati pa munda wouma ndiyo yoyamba kudyedwa. Mangani mpanda wa mtengo uliwonse tsiku lomwe mwabzala, wa nsungwi, wa timitengo kapena wa njerwa zosanjikiza mosiya mipata, ndipo utalike kuposa pamene mbuzi ingafike itaimirira ndi miyendo iwiri. Pambuyo pa mbuzi pamabwera moto wa osaka mbewa, choncho lambulani udzu kuzungulira munda wonse mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse.

Mvula ikatha, konzani beseni la dothi kuzungulira mtengo, ndipo muzithira ndowa imodzi ya malita 20 kawiri pa mlungu, makamaka mu Sepitembala ndi Okutobala. Kuthira madzi ambiri mwa apo ndi apo kumaposa kuwaza pang'ono tsiku lililonse, chifukwa madzi olowa pansi amakokera mizu pansi. Kumene madzi ali kutali, kwirirani mtsuko wadothi kapena botolo loboola timabowo pafupi ndi mizu kuti madzi azituluka pang'onopang'ono. Phimbirani beseni ndi udzu wouma kapena masamba, koma siyani mpata wa chikhatho chimodzi pakati pa zophimbirazo ndi tsinde, pakuti zikagunda tsinde chiswe chimapeza njira. Muzisuzumira pansi pa zophimbira mlungu uliwonse, ndipo mukaona chiswe, gumulani tinjira take n'kuwaza phulusa. Mtengo wothiriridwa bwino chiswe sichiupha msanga, chimakonda umene wafooka kale ndi ludzu. Kumapiri, usiku wa chisanu mu Juni ndi Julayi, mbande za mapeyala ndi mango zifunditseni kadenga ka udzu.

Mbande yomezanitsa nthawi zina imachita maluwa chaka choyamba chomwe, ndipo mtima umafuna kuona chipatso, koma maluwawo athotholeni chaka choyamba ndi chachiwiri kuti mphamvu zipite ku mizu ndi nthambi. Manyowa muziwonjezera chaka chilichonse kumayambiriro kwa mvula, ndipo muziwathira mozungulira pamene pamalekezera mthunzi wa masamba, chifukwa mizu yodya ili pamenepo, osati pa tsinde. Feteleza nayenso amathiridwa malo omwewo, pang'ono, dothi lili lonyowa. M'malire mwa munda bzalani gliricidia, mtengo wochokera ku Central America umene masamba ake amabwezera chonde m'nthaka, ndiponso ombwe, amene masamba ake osinja n'kuviika m'madzi amathandiza kupha nsabwe za m'masamba. Madzi a ombwe asatayidwe mumtsinje kapena m'damu chifukwa amapha nsomba.

Kudulira

Mapichesi ambiri a ku Dedza ndi ku Ntcheu amabereka tizipatso tating'ono chifukwa mitengo yake siduliridwa. Pichesi amabereka pa nthambi zimene zinaphuka chaka chatha, motero mtengo wosadulira umathamangitsira zipatso kunsonga chaka ndi chaka, m'kati mwake n'kutsala nkhuni zokhazokha. Mbande ikafika m'chiuno, iduleni nsonga pa msinkhu wa masentimita 60 mpaka 70, ndipo pa nthambi zimene zituluke sankhani zitatu kapena zinayi zoloza mbali zosiyana, zina zonse muchotse. Pakati pa mtengo pakhale potseguka kuti dzuwa ndi mphepo zizilowa. Chaka chilichonse mu Juni kapena Julayi, masamba atayoyoka, chotsani nthambi zouma, zodwala, zopingasana ndi zolowera m'kati, ndipo fupikitsani zotalika kwambiri. Zipatso zikafika kukula kwa nsawa yosasenda, patulirani kuti pakati pa chipatso ndi chinzake pakhale mpata wa chikhatho. Zimawawa kuthothola zipatso zambiri chotero, koma zotsalazo zimakula bwino ndipo ndi zimene wogula pa Lizulu kapena pa Tsangano amaziloza.

Apulo amafuna chisamaliro china. Nthambi yoima chilili imangotulutsa masamba, pamene yogona imatulutsa maluwa, choncho weramitsani nthambi zazing'ono kuti zigone mopingasa, n'kuzimangirira ku zikhomo ndi chingwe. Popeza chisanu cha kuno n'chochepa, masamba ena amakakamira mumtengo, ndiye kumapeto kwa nyengo yachisanu apululeni ndi manja kuti maso adzuke pamodzi. Mango ndi mapeyala safuna zambiri: dulani nsonga mbande ikafika mita imodzi kuti ichite nthambi, ndipo mukamaliza kukolola muzichotsa zouma ndi zothithikana.

Mphutsi za m'zipatso ndi kukolola

Mphutsi zimene timapeza m'mango, m'magwafa ndi m'mapichesi zimachokera ku ntchentche zimene zimaboola khungu la chipatso n'kuikira mazira. Mtundu wina woopsa wochokera ku Asia unapezeka koyamba mu Africa ku Kenya mu 2003 ndipo unafalikira mofulumira m'maiko ambiri. Chipatso chikagwa, mphutsi zimalowa m'dothi n'kudzatuluka zili ntchentche, kotero njira yoyamba yothana nazo ndi kutola zipatso zonse zakugwa kawiri kapena katatu pa mlungu, n'kuzikwirira m'dzenje lakuya masentimita 50, kapena kuzimanga m'thumba la pulasitiki wakuda n'kuliika padzuwa masiku angapo. Ntchentche sizidziwa malire a munda, ndiye nkhaniyi ikambidwe ndi anansi ngakhalenso kwa amfumu kuti mudzi wonse uzitola. Pa mitengo yochepa ya pakhomo, kuveka chipatso chilichonse kathumba ka pepala chikadali chaching'ono kumateteza bwino popanda mankhwala.

Peyala sapsa ali mumtengo, amafewa akathyoledwa, koma wothyoledwa asanakhwime amangonyala ndipo sakoma. Kuti mudziwe ngati nthawi yakwana, thyolani zipatso ziwiri kapena zitatu zazikulu n'kuziika m'nyumba, ndipo zikafewa bwino m'masiku 7 mpaka 10 popanda kukwinyika, yambani kukolola. Dulani ndi kaphesi kake, musagwedeze mtengo kapena kugenda, chifukwa chipatso chogwa pansi chimada m'kati.

Masuku ndi zipatso zina za m'tchire

Pamene tikubweretsa mitengo ya kutali, masuku a m'mapiri mwathu akutha ndi nkhwangwa za owotcha makala, chonsecho amapsa kuyambira cha mu Novembala mpaka Januwale, nthawi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Akatswiri a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda, anachita kafukufuku wa mtengowu ku Makoka m'boma la Zomba, ndipo anaonetsa kuti msuku umatheka kumezanitsa ndi kubereka m'zaka zochepa, pamene wa njere umachedwa kwambiri. Pali zinthu zitatu zoyenera kudziwa. Njere za masuku zimafa msanga, choncho zitsukeni n'kuzifesa m'masiku ochepa mutadya chipatso. M'machubu muikemo dothi lotapa pansi pa msuku waukulu, chifukwa mizu ya mtengowu imadalira tizamoyo ta mtundu wa bowa topezeka m'dothi limenelo, ndipo popanda ito mbande imachita chikasu n'kupinimbira. Chachitatu, misuku ilipo yaimuna ndi yaikazi, ndipo yaikazi yokha ndiyo imabereka, motero kanthambi komezanitsa katengedwe ku mtengo umene munadyako zipatso zake, koma pafupi pakhalenso mtengo waumuna wopereka mungu.

Ngati m'munda mwanu muli kale chitsa cha msuku, muula, mtowo kapena nthudza chimene chikuphukira, njira yachidule ndi kusiya mphukira imodzi kapena ziwiri zowongoka, kuchotsa zina zonse, ndi kuziteteza ku moto ndi mbuzi monga mwachitira ndi mbande zogula. Chitsa chotere chili ndi mizu yakuya kale, choncho sichifuna kuthirira, ndipo chimakula mofulumira kuposa mbande ya m'chubu.